Mawondo a amfumu

Bungwe lina linandipatsa ntchito yopanga katuni ya masekondi 30 yolimbikitsa kusamba m'manja. Amfumu atsike pakhonde, ayende mpaka pamjigo, awerame, asambe. Basi. Ndinawaikira mafupa mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta yopangira makatuni, mwendo uliwonse atatu: ntchafu, msongolo ndi phazi.

Miyendo timaiyendetsa ndi IK, inverse kinematics. M'malo motembenuza fupa limodzilimodzi kuchokera m'chiuno, umangokoka phazi, kompyuta n'kudziwerengera yokha mmene bondo lipindikire. Chiuno chingatsike bwanji, phazi limakhalabe pomwe lidaponda. Kakonzedwe kake n'kosavuta: mu Edit Mode, momwe timakonzera mafupa, umatulutsa kafupa pachidendene ndi batani la E, n'kukalekanitsa ndi mwendo ndi Alt+P, n'kuchotsa Deform kuti kasamakoke khungu. Mu Pose Mode, momwe timayendetsera mafupa, umasankha kafupako, kenako msongolo, n'kudina Shift+I.

Chain Length imabwera ili pa 0, kutanthauza kuti IK igwire mafupa onse mpaka ku gwero. Nditangokoka phazi, amfumu anagubuduka athunthu, mutu pansi. Ndinalembapo 2, kuti pazigwira msongolo ndi ntchafu zokha, iwo n'kudzuka. Zimenezi sanaone munthu.

Zoona anthu zinadza tsiku lokaonetsa. M'chipinda munali mayi oyang'anira ntchitoyo ndi anzawo angapo.

"Achimwene, amfumuwa akuwerama ngati mnyamata," anatero mayiwo. "Atsitseni pang'ono, asambe mwaulemu."

Ndinasankha chiuno, G kenako Z, n'kukokera pansi. Mawondo onse awiri anapindikira kumbuyo ngati a tambala, nkhope ikumwetulirabe, sopo ali m'manja.

"Kodi alodzedwa?"

"Ayi mayi, ndi masamu chabe."

Ndipo ndi masamudi. Kompyuta sidziwa kuti bondo la munthu limaloza kutsogolo. Mwendo ukakhala woongoka ndithu mu Edit Mode, mbali zonse ziwiri zimakhala zolondola kwa iyo, ndiye imasankha yomwe yafuna. Bondo liyenera kukankhidwira kutsogolo pang'ono chabe musanayambe china chilichonse. Kenako mumaika kafupa kena kutsogolo kwa bondolo, kapatali ndithu, n'kukalowetsa pa Pole Target kuti bondo lizikayang'ana nthawi zonse.

Ndinachita zimenezo anthu akuonerera. Koma Pole Angle, ngodya yomwe bondo limayang'anira kafupako, nayo imayambira pa 0, choncho mawondo anasiya kumbuyo n'kutembenukira m'mbali. Bambo wina pakona anayamba kuwomba m'manja kuti gule wayamba. Ndinalemba -90, mwendo wamanzere unaongoka. Wamanja unakana, chifukwa roll (kapotokedwe) ya mafupa ake inali yosiyana ndi inzake. Mankhwala ake n'kufufuta mwendowo, kuonetsetsa kuti maina a mafupa akumanzere akuthera ndi .L, n'kugwiritsa ntchito Symmetrize, yomwe imakopera mafupa akumanzere kumanja.

Titaseweretsanso, panatulukira china. Poyenda, chiuno chinali pamwamba kwambiri, moti pa fulemu 13 pomwe chidendene chimagunda pansi, mwendo umaongokeratu, bondo n'kudumpha mwadzidzidzi mu fulemu yotsatira. Izi zimatha ukatsitsa chiuno pang'ono kuti bondo lisamafike poongoka kotheratu.

Mayi aja anayang'ana wotchi.

"Achimwene, bwanji mungowaveka mkanjo wofika kumapazi?"

Ndinawafotokozera kuti mkanjonso umafuna mafupa akeake, apo ayi mawondo amaubowola n'kutulukira kunja. Anakhala kaye chete, kenako anafunsa ngati amfumu sangasambire atakhala pampando.