Tinapalasa kukafuna kwawo kwa Crompton, kuchokera ku Thirsk mpaka ku Azerley

Pamsonkhano wa mwezi watha munandisankha kuti ndilembe za ulendowu, poti ambiri munatsala chifukwa cha mashifiti. Tinanyamuka ku Leeds Loweruka m'mamawa anthu 9, njinga zili m'vani, ndipo tinakatsikira ku Thirsk. Tsiku lonse tinapalasa makilomita pafupifupi 60.

Nzeru ya ulendowu inachokera kwa mkulu wathu wa zamagetsi uja, amene tonse timangowatchula kuti amalume. Iwo akhala akudandaula kuti timapalasa ngati tikuthawa ngongole, osadziwa n'komwe malo amene tikudutsa. Ndiye anatisankhira munthu woti tikamulondole: Rookes Evelyn Bell Crompton, injiniya wa zamagetsi wa ku England yemwenso anali chidakwa cha njinga.

Msewu wochoka ku Thirsk kupita ku Kirby Wiske ndi wosalala, minda ya tirigu uku ndi uku. Pafupi ndi kamudzi kameneko pali Sion Hill, pomwe Crompton anabadwira pa 31 May 1845. Tinaima pamsewu n'kumasuzumira. Titajambulitsa kale m'pamene amalume anaulula kuti nyumba yomwe ilipo lero siyomwe iye anabadwiramo. Imeneyi inamangidwa cha m'ma 1913, ndipo amene anajambula pulani yake ndi Walter Brierley wa ku York.

"Ndiye mwatipalasitsa mtunda wonsewu kuti tidzaone nyumba ya eni ake?" anatero amayi athu anamwino aja. Amalume anangoseka, amvekere nthaka ndi yomweyo.

Chimene chinatisunga pamalopo si nyumba koma dzina. Rookes si dzina lomwe makolo anangolikonda ayi, ndi mfunda wa kwa agogo ake aakazi. Agogo aamuna, Joshua Crompton, anakwatira Anna Maria Rookes, ndipo mayiyu ndi amene analowa m'banja ndi nyumba yaikulu ya Esholt Hall pamodzi ndi malo ake. Mwana wawo wamkulu, William, atalandira Esholt anawonjezera dzina lina la kuchikazi, Stansfield, nadzakhala phungu wa Huddersfield. Mng'ono wake, Joshua Samuel Crompton, ndiye bambo a injiniya wathuyu. Iye anakhazikika kuno ku Sion Hill ndi ku Azerley, nasankhidwa kukhala phungu wa Ripon mu 1832. Mizu ya a Crompton enieniwo ili ku Derby, komwe anali ndi banki kuyambira kalekale. Achimwene ena a ku Dedza atamva zoti malo anabwera ndi mkazi, dzina n'kulondola malowo, anati, "Aaa, kani Azungu nawonso amadziwa chikamwini!" Si chikamwini kwenikweni, koma tinawamvetsa. Kwa a Crompton, dzina la mayi linkapulumuka ngati labwera ndi munda.

Inu okhala ku Shipley ndi ku Bradford, Esholt mukuidziwa, mwinanso ndi mphuno. Mzinda wa Bradford unagula malowo mu 1906 kuti uzisefera madzi a m'zimbudzi, ndipo ntchitoyo ikuchitikabe mpaka lero.

Titachoka ku Kirby Wiske tinalowera kummwera n'kuwoloka mtsinje wa Swale. Amalume ankafotokoza ubwana wa Crompton uku akupalasa, moti ena a kumbuyo anangomva zidutswa. Ali ndi zaka 6 anamutengera ku London kukaona chionetsero chachikulu cha makina cha mu 1851, ndipo mtima wake unatsalira komweko. Nkhondo ya ku Crimea itabuka, bambo ake anatumizidwa ku Gibraltar ndi gulu lawo la asilikali ndipo banja linatsatira. Kumeneko mnyamatayu anakwera sitima yankhondo ya HMS Dragon mpaka kukafika ku Crimea, nabwerako ndi mendulo ali ndi zaka 11 zokha. Ine ndinaganiza za mwana wanga wa msinkhu womwewo amene sindimulola kupita yekha kugolosale kukada. Kenako anaphunzira ku Harrow, ndipo adakali mnyamata anayamba kudzipangira galimoto yoyendera nthunzi. Mu 1864 analowa usilikali, napita ku India, komwe anayesa kuti katundu wa boma azikokedwa ndi mainjini a nthunzi pamsewu m'malo mwa ngolo za ng'ombe.

Tisanafike ku Ripon, tayala lakumbuyo la mnyamata wathu wa ku yunivesite linaphwa. Chubu chapadera analibe, beseni la madzi panalibe. Amalume anagadabuza njinga, kutulutsa chubu, kupopa pang'ono, kenako n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono pafupi ndi mlomo kuti amve mpweya. Pamene anakayika anapakapo malovu, tithovu n'kutuluka. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, akupala pabowo ndi kasandipepa. Munga wake unali wa mpanda wa m'mbali mwa msewu, waung'ono ngati nsonga ya singano, ndipo anauzula m'tayala ndi chikhadabo.

Podikira kuti guluu agwire m'pamene nkhani ya magetsi inalowa bwino. Amalume anafunsa kuti ndani akukumbukira dayinamo ya panjinga za kumudzi, kabotolo kaja kokhudza tayala, komwe nyale imawala ukapalasa mwamphamvu n'kuzilala ukafika pachitunda. Tonse tinaikumbukira. Iwo anati zomwe Crompton anayamba nazo n'zomwezo, kungoti zazikulu. Atasiya usilikali mu 1875 analowa mubizinesi ya zitsulo ku Chelmsford. Abale ake anali ndi fakitale yosungunula chitsulo ya Stanton ku Derbyshire, ndipo iye anawakonzera malo atsopano oumbira zitsulo. Kuti makinawo abweze ndalama ankayenera kugwira usana ndi usiku, ndiye panafunika kuwala. Anaitanitsa madayinamo a Gramme ndi nyale zochokera ku France. Nyale za nthawi imeneyo zinalibe babu. Munali timitengo tiwiri ta makala toyang'anizana, moto wa magetsi n'kumadumpha pakati pake. Makalawo akamanyeka mpata umakula, ndiye pamafunika kamakina kowasendeza, apo ayi nyale imaphethira kapena kuzima. Crompton sanakhutire ndi nyale zogulazo, napanga yake yowala mokhazikika. Mu 1878 kampani ya Crompton & Co inayamba ku Chelmsford. Pasanapite zaka khumi anali atayatsa magetsi m'nyumba ya zisudzo zoimba ku Vienna, ndipo mu 1887 anatsegula siteshoni yopatsa magetsi nyumba za anthu ku Kensington Court ku London, komwe iye mwini anadzakhalanso.

Ku Ripon tinakhala pabwalo la msika, pafupi ndi chipilala chachitali chija, n'kumasula kamba wathu: mandasi, nkhuku yokazinga ndi tiyi wa m'fulasiki. Apa m'pamene panabuka mkangano womwe kwa ine unali mtima wa ulendo wonse.

Anamwino aja anati, "Amalume, musatinamize kuti munthuyu anali wanzeru kuposa anthu onse. Agogo banki, bambo phungu, abale fakitale. Nyale ikakanika, ankangoitanitsa ina. Tayerekezani ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Mwana wa zaka 14, sukulu atasiya chifukwa cha fizi, anatola zitsulo kudzala, kutenga njinga ya bambo ake ndi dayinamo, mpaka mphepo inayatsa nyale m'nyumba. Akanakhala ndi fakitale ya abale bwenzi atafika pati?"

Amalume sanagonje. Anati ana a mabanja olemera m'Yorkshire anali ambirimbiri, ndipo ochuluka anathera posaka nkhandwe pa akavalo. Crompton akanatha kungokhala n'kumadya lendi, koma anasankha kudetsa manja ndi girizi mpaka kukalamba. Ali ndi zaka zoposa 50 anapita ku South Africa pa nkhondo ya Maburu, atatenga gulu la amisiri a magetsi ndi nyale zounikira patali. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ali ndi zaka 70, anali m'komiti yomwe inkayesa kupanga akasinja oyamba.

Ine ndinapendekera kwa anamwino, ndipo ndikadali komweko. Khama la Crompton sindikulikana. Koma nditaima pa Sion Hill, n'kumva za Esholt, za Derby ndi za Stanton, ndinaona kuti paliponse pomwe ankafuna kuyesa chinthu, m'bale wina anali atamuyalira kale mphasa. Ife timakonda kunena mbiri ya anthu otere ngati anagwa kuchokera kumwamba okha.

Kuchoka ku Ripon kupita ku Azerley mtunda ndi waufupi koma zitunda zimayamba, ndipo m'pamene tinamukumbukira Crompton wa njinga. Iye sankakhulupirira kuti njinga ya m'sitolo imakwana aliyense. Anatalikitsa zitsulo zogwira mapedulo, nasintha magiya kuti agwirizane nazo, poti ankati mwendo uzigwira ntchito ndi utali wake wonse, ndipo ankayenda maulendo ataliatali pa njinga yakeyo. Okwera njinga a nthawi imeneyo ankatsutsana naye. Amalume, amene saphonya mpata, anaimitsa gulu pakati pa chitunda n'kukweza chishalo cha achimwene a ku Dedza ndi zala zitatu, ati akhala akupalasa ngati akabaza obwereka njinga ya mwana. Achimwenewo anadandaula mpaka pamwamba, koma pobwerera sanatsitse.

Azerley ndi nyumba zowerengeka, mitengo ndi minda. Azerley Chase, nyumba yomwe a Crompton ankakhalamo, ndi malo a eni, choncho tinaima panjira. Kumeneko n'komwe Crompton anabwerera atakalamba, namwalira pa 15 February 1940 ali ndi zaka 94, makilomita ochepa kuchokera pomwe anabadwira. Kampani yake inali itaphatikizana kale ndi ya a Parkinson mu 1927. Amalume anati ntchito yake yomwe iwo amaidyera tsiku lililonse ndi ina. M'masiku oyambirira kampani iliyonse ya magetsi inali ndi mphamvu yakeyake, moti chipangizo chogwira ntchito dera lina la London chinkatha kupsa kudera lina. Crompton analimbikira kuti pakhale miyezo yofanana, nakhala mmodzi mwa omwe anakhazikitsa bungwe la IEC, loona za miyezo ya zamagetsi padziko lonse, mu 1906. Mnyamata wa ku yunivesite anafunsa ngati ndiye chifukwa chake pulagi ya ku Lilongwe imalowa pakhoma la ku Leeds. Amalume anati ayi, pulagi ya mano atatu ija inabwera mu 1947 mwini wake atagona kale, ndipo kwathu inafika ndi ulamuliro wa Angerezi.

Tinkafuna kudikira mlonda woimba lipenga pabwalo la Ripon, mwambo womwe umachitika 9 koloko usiku uliwonse, koma vani inali ku Thirsk ndipo atatu anali ndi shifiti Lamlungu m'mawa. Tinabwerera mphepo ili kumsana, kukafika dzuwa lisanalowe.

Ndalama ya mafuta inakwana, yotsala ili ndi asungichuma. Ambiri akufuna kuti ulendo wotsatira ukhale wa ku Esholt poti n'pafupi ndipo ana atha kubwera nawo. Amene anatola pampu yakuda ya amalume m'vani abwere nayo pamsonkhano, ndipo aliyense adzakhale ndi chubu chake chapadera.