Zomwe ndikutola pa nkhani yoyeza ndi kusintha mabodi a turbine

Pa maphunziro onse a instrumentation, gawo la control ya ma turbine ndi lomwe landizunguza mutu kwambiri, ndiye ndati ndilembe zomwe zayamba kulowa mwina zikhazikika. Zitsanzo zathu zambiri ndi za kampani ya General Electric (GE), ma control system aja amati Speedtronic, makamaka Mark V ya m'ma 1990 ndi Mark VI yomwe inabwera pambuyo pake, kenako Mark VIe yomwe imayendera Ethernet. Akalewo akadali pa ntchito m'ma power station ambiri padziko, mabodi ake a electronics a mu panelo akukalamba, ndiye munthu wodziwa kuwayeza amafunika ndithu.

Chomwe chimagwira nkhani yonse ndi TMR (Triple Modular Redundancy), kutanthauza ma controller atatu ogwira ntchito imodzi. Mu panelo muli ma controller atatu, R, S ndi T, onse amawerenga zomwezo kenako amavota. Ikakhala nkhani ya inde kapena ayi, awiri akagwirizana basi zatha. Ikakhala nambala, monga kutentha kwa exhaust kapena presha, amatenga yapakati. Zili ngati mboni zitatu pabwalo la amfumu, imodzi ikayamba kubwebweta mlandu umapitabe ndi ziwiri zija. Koma pomwepo ndi pamene pali msampha, chifukwa bodi ya mu S itha kufa lero turbine nkumangozungulira bwinobwino pa 3000 rpm, magetsi akutuluka, aliyense ali phee, chokhacho chikudandaula ndi ka diagnostic alamu komwe nkosavuta kungokadina nkupitiriza kumwa tiyi. Tsiku lomwe T nayenso adzatsokomole, makina athima, anthu nkumati zangochitika mwadzidzidzi pomwe system inayamba kale kunena.

Chinandisangalatsa nchoti utatu womwewo ndi chida choyezera. Signal ikakhala yolakwika umayang'ana kaye kuti R akuona chani, S akuona chani, T akuona chani. Onse atatu akamaona zolakwika zofanana, usiye kaye mabodi, vuto lili kunja, pa sensa, pa waya kapena pa terminal board yomwe amagawana. Akakhala mmodzi yekha wosiyana ndi anzake, apo ndiye uyambe kukayikira bodi yake kapena kebulo yopita kwa iyeyo. Maganizo ophweka chonchi amapulumutsa bodi yodula yomwe ikanazulidwa ilibe mlandu.

Ndiye kuyeza kumayambira kunja kulowa mkati. Poyamba mphamvu. 125 V DC ya mu panelo siimangiriridwa ku ground, ukayeza mbali iliyonse kupita ku ground umayembekeza chapafupi ndi 62.5 V, kwina plus kwina minus. Mbali imodzi ikatsikira ku 0 ndiye kuti waya wina wakhudza chitsulo kwinakwake, mwina madzi alowa mu junction box, ndipo zimenezi zimabweretsa maalamu osamveka mutu omwe ungaganize kuti ndi bodi. Kenako ma loop a 4 mpaka 20 mA obweretsa signal kuchokera ku ma transmitter, ukadutsitsa pa resistor ya 250 ohm upeza 1 mpaka 5 V, ndipo ukaona 0 mA sikuti presha ndi ziro ayi, waya waduka kapena transmitter ilibe moto.

Za liwiro ndiye ndazikonda heavy. Pa shaft pamakhala gudumu la mano, kawirikawiri 60, ndi ma magnetic pickup owerenga mano akamadutsa. Mano 60 ndi masekondi 60 zimadyana, ndiye 3000 rpm imatuluka ngati 3000 Hz, palibe zowerengera zambiri. Makina ali chiimire utha kulowetsa frequency ndi signal generator nkuona ngati bodi ikuwerenga zoona, nkukweza pang'onopang'ono mpaka cha pa 110 peresenti, 3300 rpm imeneyo, pomwe chitetezo cha overspeed chikuyenera kutiripa, kutanthauza kuthimitsa makina. Bodi yomwe singatiripe apa ndi yoopsa kuposa yomwe yangofa poyera.

Tsopano zikatsimikizika kuti ndi bodi, kusinthako si kungozula nkubayika ina. Mabodi a Mark V nambala zake zimayamba ndi DS200, a Mark VI ndi IS200, koma zilembo zakumapeto, za gulu ndi revision, nzofunika kuziwerenga zonse, awiri atha kufanana nkhope koma osagwira ntchito malo amodzi. Pa Mark V pali ma jumper ang'onoang'ono oti uwaike ndendende monga zinalili pa yakale, ndiponso ma EPROM, ma chip osunga pulogalamu, amachotsedwa pa bodi yakale kupita pa yatsopano, ka notch kake kayang'ane mbali yoyenera apo ayi chip yapsa. Jambula ndi foni usanakhudze chilichonse, lemba ma ribbon kebulo onse, vala lamba wa static padzanja, thimitsa moto wa gawo lokhalo lomwe ukugwira utatsimikiza kuti ena awiri aja ali bwino. Amati mu TMR utha kusintha makina akuyenda, zoona, koma nthawi imeneyo wangotsala ndi awiri, ine ndikuona kuti ngati pali mpata wodikira kuti makina aime ndi bwino kudikira.

Bodi ikalowa ntchito sinathe. Pamafunika kutsitsiramo configuration, pa Mark VIe zimenezi zimachitikira mu pulogalamu ya pa kompyuta ya ToolboxST, ndipo ngati bodiyo imakhudza ma valavu a mafuta kapena gasi uyenera kuonanso calibration ya LVDT, kasensa kouza controller kuti valavu yatseguka bwanji. Mafuta atsekedwe kaye, uyendetse valavu kuchoka potseka mpaka potsegula, wina ali pompo akuyang'ana ndi maso ngati zomwe sikirini ikunena ndi zomwe chitsulo chikuchita.

Nkhani ya ma spare ndi yomwe imandiganizitsa za kwathu kuno. Ma turbine athu ndi amadzi a pa Shire, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komanso a nthunzi m'mafakitale a shuga ku Nchalo ndi Dwangwa, ndipo kaya control yake anapanga ndani, bodi yotere sungaigule mu Limbe, ndi ya oda kunja, forex, ndege, kudikira. Choncho ya m'sitolo ija ikuyenera kukhala yoyezedwa kale, chifukwa ma electrolytic capacitor amauma ngakhale bodi ili m'bokosi zaka, ndipo yochotsedwa ilembedwe vuto lake isabwerere pa shelefu nkusakanikirana ndi zabwino.

Gawo lotsatira ndi la servo valavu ya makoilo atatu, koilo iliyonse ya controller wake, ndi null bias yomwe imakankhira valavu kotseka moto ukachoka. Masamu a current yake ndiye ndiyenera kuwakhalira pansi weekend ino.