Zomwe ndikuphunzira pa injini za maboti zogogoda

Mwezi uno madala amene akundiphunzitsa umakaniko andiika pa injini zogogoda basi, maboti kuno ku Johannesburg alipo ambiri ngakhale kulibe nyanja, anthu amakoka awo kupita ku Vaal Dam ndi ku Hartbeespoort ndiye pofika Lolemba pagalaja padzaza. Chachikulu chomwe chandilowa m'mutu ndi choti pa injini ya two-stroke, ija yowotcha petulo wosakaniza ndi oyilo, nkhani ya petulo ndi ya oyilo ndi imodzi, sungazilekanitse ayi.

Kugogoda kulipo kuwiri. Kwina kumamveka mopyapyala ngati timiyala m'chitini makamaka ukaponda moto boti litalemedwa, apo ndiye kuti petulo akuphulika yekha mosalongosoka m'silinda, mwina octane (nambala ya petulo yosonyeza mmene amapiririra kuphulika yekha) ndi wochepa, timing yathamanga kutanthauza kuti pulagi ikuyatsa moto nthawi isanakwane, kaboni wadzaza pamutu pa pisitoni kapena injini ikutentha poti impeller, kachipangizo kopopa madzi oziziritsa injini, yatha ndipo madzi sakutuluka bwino pa kabowo kotulukira madzi kakumbuyo kwa injini. Kwinako ndi kolemera, gu gu gu kuchokera pansi, sikutha ngakhale uchepetse moto, ndiye kuti belingi ya pa crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa, yadyeka ndipo kawirikawiri chayambitsa ndi kusowa oyilo. Koyambako ukakupeza msanga injini imapulumuka, kwachiwiriko ndi kumasula basi.

Madala salola munthu kugwira sipanala asanamvetsere. Amati, "Iwe mwana, yamba ndi khutu." Timaika nsonga ya sikuludilaiva yaitali pa buloko chogwirira chili kukhutu, kenako kuchotsa waya wa pulagi umodzi umodzi, phokoso likatsika wadziwa silinda yodwala. Pulagi nayo imanena zambiri, yofiirira ili bwino, yoyera mbee ndiye kuti petulo akuchepa, ukaonapo timadontho ta aluminiyamu pisitoni yayamba kusungunuka. Ndiye timayeza compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, masilinda asasiyane kwambiri. Komanso osaiwala kugwedeza flywheel, gudumu lolemera la pamwamba pa injini, nati yake ikamasuka imagogoda mpaka munthu kuganiza kuti injini yanoka.

Apa ndiye pamene pandikhudza. Injini ngati Yamaha Enduro zimene asodzi akwathu amagwiritsa ntchito ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay zilibe sampu, malo osungira oyilo pansi pa injini, oyilo amayenda limodzi ndi petulo kudutsa mu kabuleta kukanyowetsa mabelingi asanapse. Muyeso wake ndi 50:1, petulo magawo 50 oyilo gawo limodzi, thanki ya malita 25 imafuna theka la lita, injini ikakhala yatsopano 25:1. Ndiye pa injini imene silinda iliyonse ili ndi kabuleta yake, jeti imodzi (kabowo kodutsira petulo mu kabuleta) ikatsekeka ndi zinyalala silinda imeneyo ikusowa petulo komanso oyilo nthawi imodzi, injini nkumalirabe poti inayo ikukoka, mwini wake osadziwa kanthu mpaka igwire pakati pa nyanja. Ndikaganiza anyamata ali pa usipa usiku mwera nkuyamba mtima umandiwawa kwambiri. Ndipo oyilo wake akhale wolembedwa TC-W3, chizindikiro cha oyilo wa injini za maboti za two-stroke, wa galimoto sapsa bwino amasiya kaboni mpaka maling'i a pisitoni kukakamira, ndikudziwa kumudzi anthu amathira amene wapezeka chifukwa cha mitengo koma crankshaft ndi yodula kuposa.

Injini zazikulu zambiri zili ndi thanki ya oyilo payokha ndi pampu yosakaniza, Evinrude ndi Johnson ankaitcha VRO. Apo timayang'ana timapaipi ngati muli mpweya kapena tang'aluka, sefa ya m'thanki, ndi alamu ngati ikulira ndithu. Timalemba mzere pathanki ndi cholembera nkuyendetsa injini pa petulo wosakaniza kale, oyilo akapanda kutsika pampu siikugwira. Injini ya four-stroke ndi ngati ya galimoto, oyilo timamuyang'ana pa dipstick (kachitsulo koyezera oyilo) ndi pa geji ya pulesha.

China chimene sindinkachiganizira ndi kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, nchifukwa chake kuno amagulitsa petulo wa 93 pomwe ku Durban ndi 95, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 aliwonse. Eni maboti ena amaikitsa majeti ang'ono kuti injini isamamwe petulo wopitirira. Nyanja ya Malawi ili pansi, mamita osafika 500, injini yomweyo ikafika uko ndi majeti ang'onowo mpweya wachuluka petulo wachepa, oyilo wachepanso, kutentha ndi kugogoda nkuyamba.

Achimwene ena amene timapemphera nawo amagula injini zakale kuno nkumatumiza pa basi kwa abale awo ku Monkey Bay. Ndawauza kuti, "Achimwene, isanakwere mundibweretsere kaye." Nditsegula kabuleta, ndione nambala za majeti ndi kufananiza ndi za m'buku la injiniyo, ndiyeze compression, ndisinthe impeller, ndipo muyeso wa oyilo ndiulemba ndi penti mkati mwa chivundikiro m'Chichewa kuti aliyense wothira petulo aziuwona.