Mano a amayi anga

Tangotuluka kumene kwa dokotala wa mano kuno ku Chipata, ndipo mtima ukundiwawa chifukwa amayi achotsedwa mano awiri amene akhala akugwedera kuyambira nthawi yokolola. Magazi amene ankatuluka m'nkhama akamatsuka mano tinkawaona ngati nkhani yaing'ono, osadziwa kuti chiseyeye chinali kudya fupa logwira mano, ndipo matenda awo a shuga ankachikulitsa.

Adokotala afotokoza kuti mano oikirira, aja amamangidwa pa kachitsulo ka titanium kolowetsedwa m'fupa la nsagwada, sangaikidwe mpaka zokakamira za pansi pa nkhama zitapalidwa ndiponso nkhamazo zitachira, ndipo fupa limatenga miyezi ingapo kuti ligwirane ndi kachitsuloko. Amayi angofunsa chapansipansi kuti, "Kodi chimanga chootcha ndidzadyanso, mwanangu?" Funso limeneli landilasa mtima kuposa ndalama zimene zikufunika.