Tsiku loyeza kutitimira kwa pikapu kumbuyo

Lero lonse lathera pa nkhani imodzi yokha, ya kutitimira kwa pikapu yanga kumbuyo ikasenza katundu kapena ikamakoka ngolo (trailer). Aliyense amene amayendetsa galimoto ya mtundu umenewu amalidziwa vutoli. Mukangokoleka ngolo yodzaza, kumbuyo kumakhala pansi, kutsogolo kumanyamuka, chiwongolero chimapepuka m'manja, ndipo usiku nyali zimasiya kuunika msewu n'kumathobwa m'maso madalaivala amene mukukumana nawo. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kukagula chipangizo chokwezera kumbuyo, koma ine ndinafuna kuyamba ndayeza, chifukwa ndi maso okha munthu sangadziwe ngati vuto lili m'masipuling'i, m'kapakiridwe ka katundu, kapena m'kuchuluka kwa katunduyo.

M'mawa ndinaimika galimoto pamalo a simenti osapendekeka, ndipo ndinayeza ndi tepi kuchokera pakatikati pa gudumu mpaka m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse zinayi. Ndimakonda kuyambira pakati pa gudumu kusiyana ndi pansi, popeza kuphwa kwa tayala sikusokoneza muyezo. Ili yopanda kanthu, galimoto inali yokwera kumbuyo kuposa kutsogolo, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira, chifukwa opanga mapikapu amawakweza dala kumbuyo kuti akalandira katundu adzafike poima mowongoka. Nditapakira matumba a simenti m'bodi n'kukoleka ngolo, kumbuyo kunatsika masentimita 8, pamene kutsogolo kunakwera masentimita 2. Pa manambala awiriwa, imene inandidetsa nkhawa kwambiri ndi yaing'onoyo.

Ekiselo yakumbuyo, chitsulo cholumikiza magudumu akumbuyo, ili ngati chipika chimene mwagonekapo thabwa: mukaponda mbali ina, inayo imanyamuka. Tiyerekeze pikapu imene mtunda wapakati pa maekiselo ake ndi mamita 3, ndipo mutu wa tow bar, chitsulo chokolekapo ngolo, uli mamita 1.2 kuseri kwa ekiselo yakumbuyo. Ngolo ikatsamiritsa makilogalamu 200 pamutu umenewo, matayala akutsogolo amachotseredwa makilogalamu 80, ndipo ekiselo yakumbuyo imasenza 280, osati 200 okha ayi. Matayala akutsogolo amene apepukawo ndi omwe amakhotetsa galimoto, ndiponso ndi omwe amagwira gawo lalikulu la ntchito ya mabuleki. Choncho kutitimira kumene timakuona kumbuyo kumabwera limodzi ndi vuto lina kutsogolo limene silioneka bwino, koma limadzamveka pokhota mumsewu wonyowa kapena poima mwadzidzidzi.

Dzuwa litakwera ndinapita kugalaja, kwa amakaniko achikulire amene akhala akukonza galimoto zonyamula katundu kwa nthawi yaitali. Tinatsitsa katundu, tinakweza galimoto, n'kulowa pansi ndi tochi. Choyamba chimene anandilozera ndi mphira woletsa ekiselo kugunda chesesi, chimango chachitsulo chimene bodi imakhalapo. Kunsonga kwake kunali kosalala ndi kong'ambika pang'ono, ndipo pachitsulo chimene umagundapo panali malo onyezimira, opanda fumbi ngakhale dzimbiri, umboni woti akhala akugundana kawirikawiri. Masamba achitsulo osanjikizana a sipuling'i yakumanzere anali atayamba kuwongoka, kupindika kwawo kwachepa poyerekeza ndi akumanja, ndipo pakati pawo pankatuluka fumbi lofiira la dzimbiri. Mabushi, timphira ta kumapeto kwa sipuling'i, anali ouma ndi osweka.

Ndinawafunsa ngati kusintha ma shock absorber kungathandizeko. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Achimwene, amenewo sasenza katundu. Ntchito yawo ndi kuletsa galimoto kudumphadumpha. Mutaika atsopano lero, idzayenda bwino pamabampu, koma idzakhala pansi chimodzimodzi." Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika, chifukwa anthu ambiri amawonongera ndalama pamenepa. Chosenza kulemera ndi sipuling'i, ndipo ngati yatopa, kuiwonjezera chothandizira n'kubisa vuto lomwe lidzatulukirabe tsiku limene tsamba lalikulu lidzathyoke.

Tinakambirana za njira zimene zilipo sipuling'i ikakhala yabwinobwino koma katundu akuikulira. Yakale kwambiri ndi kuwonjezera tsamba limodzi m'mulu wa masamba. Imagwira ntchito ndipo siifuna chisamaliro, koma galimoto imauma, moti ikamayenda yopanda katundu imagwedeza okwera ndipo matayala akumbuyo amadumpha pamsewu wa mabampu. Pali masipuling'i othandizira, monga a Hellwig, amene amamangidwa pamwamba pa mulu n'kumayamba kugwira katundu akalemera. Palinso zoikidwa m'malo mwa mphira woletsa kugunda uja, monga Timbren ya mphira wolimba ndi SumoSprings ya polyurethane, zimene sizisowa mpweya ndipo zimagwira kwambiri pamene galimoto yatsika.

Tinakhalitsa pa nkhani ya matumba a mpweya, monga a Firestone ndi Air Lift, amene amaikidwa pakati pa ekiselo ndi chesesi. Ubwino wake ndi woonekeratu: mukapakira mumapopa, mukatsitsa katundu mumachepetsa mpweya, ndipo galimoto imakhala yofewa ikakhala yopanda kanthu. Ambiri mwa matumba amenewa amafuna kuti musawasiye ndi mpweya wochepera 5 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), kuti asapindike n'kudzipekesa, komanso musapitirire 100 psi. Ndi bwino kuti thumba lililonse likhale ndi paipi yakeyake, chifukwa mukawalumikiza pa paipi imodzi, pokhota mpweya umathawira mbali yopepuka ndipo galimoto imapendekeka kwambiri. Chimene amakaniko aja anatsindika ndi chesesi. Sipuling'i ya masamba imagawa kulemera pamalo awiri otalikirana, kutsogolo ndi kumbuyo kwa ekiselo, pomwe thumba la mpweya limakankha pamalo amodzi. Munthu akapopa kwambiri pofuna kuwongola pikapu yolemedwa mopitirira muyezo, makamaka ya zitseko zinayi imene bodi yake yambiri ili kuseri kwa ekiselo, chesesi ikhoza kupindika kapena kung'aluka pakati pa kabini ndi bodi akagunda dzenje ali paliwiro.

Anandionetsanso kanthu kena kamene ambiri sakaganizira. Mapikapu ambiri akale opanda ABS, chipangizo choletsa matayala kukhukhuluzika pogwira mabuleki, amakhala ndi valavu ya mabuleki yomangidwa pachesesi, yokhala ndi kamtengo kachitsulo kolumikizidwa ku ekiselo. Galimoto ikatsika ndi katundu, kamtengoko kamasuntha ndipo valavuyo imalola mphamvu yambiri kupita ku mabuleki akumbuyo. Tsono mukaikweza galimoto ndi mpweya mpaka pamene imakhala ili yopanda kanthu, valavu imagwira ntchito ngati palibe katundu, ndipo mabuleki akumbuyo amalandira mphamvu yochepa pa nthawi imene akuyifuna kwambiri. Yanga ili nayo valavu imeneyi, ndipo zimenezi zokha zandichititsa kuona kuti kuiwongola galimoto kotheratu si cholinga chabwino. Pikapu yosenza katundu iyenera kutsikako pang'ono.

Masana ndinapakiranso katundu monga mmene analili m'mawa n'kupita pasikelo yoyezera galimoto, kumene ndinayeza ekiselo iliyonse payokha. Pafelemu la chitseko, kapena m'buku la galimoto, pamalembedwa kulemera konse kumene galimoto imaloledwa kufika, kumene ena amalemba GVWR ena GVM, komanso malire a ekiselo iliyonse. M'malire amenewo mumalowa dalaivala, okwera, zida, katundu wa m'bodi ndi kulemera kumene ngolo yatsamiritsa pa tow bar. Kulemera kwa galimoto yonse kunali m'kati mwa malire, koma ekiselo yakumbuyo inali itatsala pang'ono kufika pamapeto pake. Palibe thumba la mpweya kapena tsamba lowonjezera limene limasintha manambala olembedwawo, popeza ekiselo, maberingi, mabuleki ndi matayala zimakhala zomwezo. Zothandizirazi zimakweza bodi, koma sizibweza kilogalamu ngakhale imodzi ku matayala akutsogolo.

Pomwepo ndinasuntha matumba a simenti, amene anali pafupi ndi chitseko chakumbuyo, n'kuwasanja moyandikana ndi kabini, kutsogolo kwa ekiselo. M'ngolo namonso ndinakonza kuti katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo yake ndi patsogolo pang'ono. Malangizo amene amaperekedwa kawirikawiri ndi akuti kulemera kotsamira pa tow bar kukhale pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo, malinga ngati sikupitirira malire olembedwa pa tow bar ndi m'buku. Pamenepa pamafunika kusamala, chifukwa wina akhoza kukankhira katundu yense kumbuyo kwa ngolo kuti galimoto ikwere, ndipo ikweradi, koma ngolo yopepuka kutsogolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku liwiro likakwera, mpaka kuikoka galimoto kuichotsa mumsewu. Nditayezanso ndi tepi, kutsika kwa kumbuyo kunachoka pa masentimita 8 kufika pa 5, ndipo kutsogolo kunabwerera pafupi ndi pamene kunali, ndisanagule kanthu kalikonse.

Kwa ngolo zolemera kwambiri, chipangizo chokhacho chimene chimabwezadi kulemera kutsogolo ndi chokolekera chokhala ndi mitengo iwiri yachitsulo imene imakokedwa ndi matcheni ku felemu la ngolo, chimene chimagawa kulemera ku ekiselo yakutsogolo ndi ku maekiselo a ngoloyo. Si galimoto iliyonse kapena tow bar iliyonse imene imalola chipangizochi, choncho buku la galimoto ndi limene liyenera kugamula. Ngolo yanga sinafike kukula kotero.

Madzulo tagwirizana ndi amakaniko aja kuti tisinthe masipuling'i onse awiri nthawi imodzi, osati yakumanzere yokha, pamodzi ndi mabushi ndi mphira woletsa kugunda. Ma U-bolt, mabawuti opindika omangira sipuling'i ku ekiselo, tiika atsopano, chifukwa akale amakhala atatanuka pomangidwa koyamba ndipo sagwiranso mofanana. Mabawuti a mabushi adzamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa n'kuima pamatayala ake, kuti mphira usapotoke, ndipo ma U-bolt adzamangidwanso galimoto ikayendako. Matayala akumbuyo ndiwapopa molingana ndi muyezo wa galimoto yodzaza wolembedwa pachitseko. Za matumba a mpweya tazisiya kaye mpaka nditayezanso ndi katundu yemweyu pa masipuling'i atsopano. Ngati kutsika kudzakhale kochepera masentimita 5 ndipo ekiselo siikugunda mphira, sindidzawaika.