Ogona sadzatsalira m'mbuyo

Mwezi uno pa kalasi ya Baibulo kumpingo kwathu ku Linthipe tikuphunzira 1 Atesalonika 4:13-18. Ndimeyi ndakhala ndikuimva kumanda kuyambira ndili mwana, adzukulu atatsitsa kale bokosi, aliyense mtima uli kwina. Kuiwerenga nditakhala pa benchi, cholembera chili m'manja, kwanditsegula maso.

Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto, cha m'chaka cha 50 kapena 51, kulembera mpingo wakhanda. Machitidwe 17 akutiuza kuti ku Tesalonika anaphunzitsa m'sunagoge masabata atatu, chipolowe n'kubuka, Yasoni, amene anawalandira kunyumba kwake, n'kukokeredwa kwa akulu a mzinda, ndipo abale anathawitsa Paulo ndi Sila usiku kupita ku Bereya. Mphunzitsi anachoka maphunziro asanathe. Ndiye ena mumpingomo atayamba kumwalira, otsalawo nkhawa inawagwira: Ambuye akamadzabwera, abale athu tawaikawa adzakhalapo? Paulo akuyankha kuti amoyo sadzatsogola. Lipenga likadzalira, akufa mwa Khristu ndiwo adzayambe kuuka, kenako onse pamodzi adzapita kukachingamira Ambuye. Mkulu wa mpingo amene amatiphunzitsa anati mawu a Chigiriki a pa vesi 17 ankanenedwa anthu akamatuluka mumzinda kukalandira mlendo wolemekezeka. Ife sitinavutike kumva. Timatero ndithu mlendo akatsika minibasi pa siteji, timathamanga kukamulandira katundu.

Koma pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa vesi 13. Amayi anga atatisiya chaka chatha, mayi wina pa siwa anandinong'oneza kuti, “Tonthola mwanangu, Mkhristu salira.” Ankandifunira zabwino, ndipo ndinameza misozi mpaka pakhosi kuwawa. Chonsecho Paulo sakuletsa kulira. Akuletsa kulira monga olira opanda chiyembekezo. Yesu mwini analira pamanda a Lazaro, akudziwa kuti posachedwa amuitana atuluke. Tsiku limene ndinamvetsa izi ndinakalira kuseri kwa nkhokwe, kulira kumene ndinakusunga chaka chonse.

Pa 1 Akorinto 15 Paulo akufanizira thupi ndi mbewu yofesedwa. Wolima kachewere kuno ku Dedza amazidziwa. Pokumba mumapeza mbewu munabzala ija itafota, nthawi zina itaoleratu, koma pambali pake pali mbatata zatsopano zodzaza manja. Amayi ankaitola mbewu yofotayo n'kundionetsa, akumwetulira. Thupi lawo linafota chomwecho pa miyezi yomaliza, moti ndinkawanyamula ndekha kuwatulutsa kukaothera dzuwa.

Lachitatu likudzali tiwerenga 1 Akorinto 15 kuyambira vesi 35, pa funso loti akufa adzauka ndi thupi lotani. Ine ndalemba kale langa m'kope: kodi ndidzawazindikira amayi? M'munsi mwake ndalembamo Yohane 20:16. Yesu atauka kwa akufa, Mariya wa Magadala ankayesa kuti akulankhula ndi wosamalira munda, mpaka Yesu atamutchula dzina.