Momwe ndinasankhira njinga yopalasa chotsamira

Njinga yopalasa chotsamira, ija munthu amakhalapo ngati ali pampando wandalema miyendo ili kutsogolo, siisankhidwa ndi maso. Ine chimene chinandikankhira kumeneko ndi khosi komanso dzanzi la m'zala ndikapalasa njinga wamba kwa nthawi yaitali. Pa yotsamira thupi limanyamulidwa ndi msana wonse, manja n'kumangowongolera basi.

Wogulitsa asanandipatse njinga iliyonse anandikhazika pansi, msana utagunda khoma, miyendo nditawongola, n'kuyeza kuchokera pakhoma kukafika kuchidendene. Muyeso umenewu amautcha x-seam, ndipo ndi umene amatalikitsira kapena kufupikitsira chitsulo chonyamula mapedulo. Njinga imene sanaisinthe motere musavomere kuiyesa, chifukwa mudzaida pachabe. Pedulo ikafika patali penipeni, bondo lizikhala lopindika pang'ono chabe.

Ndinayamba ndi ya mawilo awiri. Kunyamuka kwake n'kwachilendo: umagwira buleki, phazi limodzi pansi, linalo papedulo yoloza kumwamba, kenako umasiya buleki n'kukankha mwamphamvu. Anandiuza kuti ndimasule mapewa, nditsamire ndithu, maso ndiponye kutali osati pamapazi, ndipo kudzandira kunatha. Ikagwira liwiro imakoma zedi, mphepo siikumenya pachifuwa. N'chifukwa chake mu 1933 Francis Faure wa ku France anapalasa makilomita 45 pa ola limodzi panjinga yotere yopangidwa ndi Charles Mochet, ndipo mu 1934 bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linachotsa njinga zotere m'mipikisano yake. Koma pokhota pang'onopang'ono chidendene changa chinkakhudza wilo lakutsogolo, zimene zimachitika pa njinga zifupizifupi za mtunduwu, ndipo pachitunda ndinkalimbana ndi kusagwa m'malo mosangalala.

Za mawilo atatu zili mitundu iwiri. Delta ili ndi wilo limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, monga Kettwiesel ya kampani ya Hase. Mpando wake ndi wokwera, kukhalapo ndi kudzukapo sikuvuta, ndipo imakhota pamalo pochepa. Tadpole ili ndi awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, monga zimene amapanga makampani a ICE, Catrike ndi HP Velotechnik. Imeneyi imakhala pansi kwambiri. Yesani kudzukapo kangapo musanatengeke nayo mtima, makamaka ngati mawondo amakuvutani.

Apa mpamene ndinapempha nthawi yokwanira yoyesera njinga ya mawilo atatu, chifukwa kuzungulira pabwalo la sitolo sikuuza munthu kanthu. Ndinafuna chitunda chenicheni. Panjinga yotsamira sungaimirire pamapedulo, ndiye chimene chimakupulumutsa ndi giya yopepuka: umapalasa mofulumira osakankha ndi mphamvu, apo ayi mawondo amalira. Ubwino wa mawilo atatu ndi woti ukhoza kukwera pang'onopang'ono mmene ungafunire, ngakhale kuima pakati pachitunda n'kupuma uli pampando. Potsika ndinagwira buleki ya dzanja limodzi dala, ndipo njinga inakokera mbali yomweyo, poti pa tadpole zambiri dzanja lililonse limagwira wilo lake. Ndinakhotanso mothamangirako kuti ndimve pamene wilo lam'kati limayamba kupepuka. Umafunika kupendekera m'kati mwa kona.

Chimodzi chimene sindichitenga mopepuka ndi mapazi. Phazi likapulumuka papedulo n'kugunda pansi njinga ikuyenda, mwendo umakokedwera kunsi kwa chitsulo chopingasa chogwira mawilo akutsogolo, ndipo munthu akhoza kuthyoka. Mapedulo ogwira nsapato kapena malamba a kuchidendene ndinawaika pamtengo wa njinga pomwepo, pamodzi ndi galasi loonera kumbuyo, popeza kucheuka utatsamira n'kovuta, ndi mbendera yoti oyendetsa galimoto azindiona.

Ndisanalipire ndinayeza chitseko cha malo osungira, ndinainyamulanso ndekha kuti ndimve kulemera kwake. Ndinatenga tadpole yopindika, ya mawilo a mainchesi 20, yampando wokwererako umene ndingauweramitse kapena kuudzutsa. Si imene inali yaliwiro kuposa zonse, koma ndi imene ndinatsikapo khosi ndi zala zili bwinobwino.